Wokulondera Usiku, Kodi Akulamulenso Masana?

Mbuzi zanga zisanu ndi imodzi zinabedwa usiku umodzi m'mwezi wa Juni, chaka chathachi. M'mawa ndinapeza khola lili pululu, chitseko atachizula n'kuchiyedzamitsa bwinobwino pamtengo, ngati kuti akawalalawo anachita manyazi kundiwonongera. Tinalondola mapazi a mbuzizo kudutsa m'dambo mpaka kumsewu waukulu wa Great East, ndipo anathera pa tala. Aliyense wokhala kuno ku Rufunsa amadziwa tanthauzo lake. Galimoto inali kudikira pamenepo, ndipo pamene ife tinali kuwerama n'kumaloza pansi, nyamayo inali itafika kale ku Lusaka.

Sindinali woyamba kuberedwa. Pofika kumapeto kwa mwezi umenewo mudzi wathu unali utataya mbuzi zoposa 30, ng'ombe ziwiri ndi sola ya padenga pa amayi ena amasiye. Polisi ili kutali ndi ife, ulendo wa maola awiri panjinga yopalasa, ndipo wakuba sadikira kuti kuche. Amuna anayamba kugona m'makola atagwira nkhwangwa. Amayi ena analowetsa mbuzi m'nyumba, zizigona pamodzi ndi ana. Galu akangouwa, mudzi wonse unkadzuka.

M'mudzi mwathu muli bambo wina amene anapuma pa ntchito ya usilikali. Dzina lawo sinditchula, tonse timangowaitana kuti a Sajeni. Ndi munthu wosalankhulalankhula, wolawirira kumunda, ndipo mizere yawo imawongoka ngati anachita kuyeza ndi chingwe. Pamsonkhano umene anyakwawa anaitanitsa, ife titalongolola mpaka kutopa, iwo anaimirira n'kunena kuti, "Ndipatseni anyamata 12 ndi matochi. Inu muzikagona." Tinawapatsa. Anyamatawo anawaphunzitsa kuyenda mwakachetechete, kubisala m'njira zotulukira kumsewu ndi kuitanizana ndi wezulo. Tinagwirizana kuti khomo lililonse lizipereka K20 pamwezi, ya mabatire ndi tiyi. Pasanathe miyezi iwiri kuba kunatha, ndipo tinagonadi. Ine ndinali mmodzi wa anthu amene ankawatamanda poyera.

Usiku wina mu Seputembala wezulo inalira kumtsinje. Ndinathamangirako ndi tochi yanga. Anyamata anali atagwira mnzawo wa zaka ngati 17, ali ndi mbuzi yoimanga pakamwa ndi luzi kuti isalire. Ndinamudziwa. Ndinamuphunzitsapo giledi 7, ndipo amayi ake amagulitsa malasha m'mbali mwa msewu. A Sajeni anamufunsa kuti mbuzi amazisunga kuti zisanakwere galimoto. Iye anangoti chete. Anamumangirira kumtengo, n'kutulutsa chidutswa cha paipi yakuda yothirira dimba. Kenaka anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Aphunzitsi, walitsani kuno." Ndinawalitsa. Sindinagwire paipi, sindinanene kuti amenyedwe, koma dzanja limene linaunikira linali langa, ndipo silinanjenjemere. Kusanache mnyamata uja anaulula. M'mawa tinapeza mbuzi 11 zomangidwa m'chigwa china kuseri kwa phiri. Zinayi zinali zanga. Mnyamatayo mpaka lero samva khutu lakumanzere.

Ndinene mosabisa kuti anabadi. Akanakhala wosalakwa, nkhani ino ikanakhala yosavuta kulemba, ndipo inu mukanagwirizana nane musanafike pakati. Koma anaba, kumenyako kunabweza mbuzi, ndipo ana anga anamwa mkaka wa mbuzi zomwezo. Chimene chimandisowetsa tulo ndi funso lina. Munthu amene watiteteza pamene wina aliyense analephera, tili naye ngongole yotani? Kodi ngongoleyo imafika mpaka pomulola kuti atilamulire?

Ndikufunsa chifukwa cha zimene zinatsatira. Ndalama ija inakwera kufika pa K50, ndipo palibe amene anafunsidwa. Anthu okangana malire a minda kapena ngongole anasiya kupita kwa anyakwawa, anayamba kupita pakhonde pa a Sajeni, chifukwa kumeneko mlandu unkatha tsiku lomwelo ndipo wolakwa ankalipiradi. Woweruza ankatengapo nkhuku. Khomo limene lachedwa kupereka ndalama, alonda ankaliiwala usiku, ndipo eni ake ankadziwa kuti aiwalidwa. Palibe tsiku limene tinakhala pansi n'kunena kuti tikufuna mfumu yatsopano. Tinangozindikira kuti tili nayo.

M'masiku amenewo ndinakumbukira dzina limene ambuya anga, amene anabereka amayi, ankatiopseza nalo tili ana. Iwo anali Mnsenga wa kumunsi, kufupi ndi kumene Luangwa amathira mu Zambezi, ndipo anadzakwatiwa kuno kwa Asoli. Mwana akamavuta ankati, "Ukapitiriza ndikakusiya kwa Changa Changa." Ine ndinkaganiza kuti akunena changa, kanyama ka maso aakulu kolira m'mitengo usiku. Koma tsiku lina, akusenda chinangwa, anatiuza kuti pakanapanda Changa Changa yemweyo, amayi awo akanatengedwa ukapolo ali kamtsikana. Ndinafunsa kuti, "Nanga ambuya, anali munthu wabwino kapena woipa?" Anandiyang'ana n'kuyankha kuti, "Anali ndi mfuti." Basi, n'kupitiriza kusenda.

Ndinadzadziwa nditakula kuti Changa Changa anali mzungu, dzina lake John Harrison Clark. Anabadwa cha m'ma 1860 ndipo anachokera ku Port Elizabeth, ku South Africa. Mphekesera imene inkamutsatira inali yakuti anathawa kwawo ataombera munthu. Anafika ku Feira, kumene lero timati Luangwa, cha mu 1887, ali yekha, wosatumidwa ndi boma lililonse.

Dziko limene anapeza linali losagona tulo. Kutsidya kwa mtsinje, ku Zumbo, kunali Apwitikizi owerengeka, koma mphamvu zenizeni zinali m'manja mwa atsogoleri a magulu ankhondo a Achikunda, monga Kanyemba, amene dzina lake lachipwitikizi linali José do Rosário Andrade, ndi Matakenya, José de Araújo Lobo. Amenewa anali ndi malinga, mfuti zambirimbiri ndi maudindo opatsidwa ndi boma la Apwitikizi. Magulu awo ankakwera zigwa za Luangwa ndi Lunsemfwa kukasaka minyanga ya njovu ndi anthu, ndipo Ansenga, Asoli, Alala ndi Alenje anaona zakuda. Clark anasonkhanitsa anyamata a Chinsenga, anawaphunzitsa usilikali, n'kuyamba kuthamangitsa magulu ogwira akapolo. M'zaka za m'ma 1890 anamanga mudzi wake pafupi ndi pamene Lukusashi amakumana ndi Lunsemfwa, kumpoto kwa dera limene lero ndi boma la Rufunsa, ndipo anautcha Algoa, dzina la gombe la kwawo. Ankakweza mbendera ya Angelezi. Ankakhometsa msonkho, ndipo wamalonda wofuna kulowa m'deralo ankayenera kutenga chilolezo kwa iye. Anapangananso ndi mafumu kuti amupatse ufulu pa miyala ya pansi pa nthaka ndi pa anthu ogwira ntchito. Anali mkulu wa asilikali, wapolisi ndi wokhometsa msonkho, zonse munthu mmodzi.

Ndiyambe ndi kumuikira kumbuyo, chifukwa n'kosavuta kwa ine, mphunzitsi wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, kunyoza munthu amene anaima pakati pa agogo anga ndi goli. Mayi amene akubisa ana kuphanga safunsa kuti wothamangitsa adaniyo anasankhidwa ndi yani. Ufulu wolankhula, wosankha, wodandaula, zonsezi ndi za munthu wamoyo amene ali pakwawo. Akale anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo mlendo ameneyu anabwera nako pa nthawi imene malumo a eni mudzi anali atabuntha. Asilikali ake sanali angelo ochokera kumwamba, anali ana a m'midzi yomweyo, ndipo anafunika kudya. Msonkho umene ankatolera tikhoza kuuona ngati K20 yathu ija ya mabatire ndi tiyi.

Katswiri wina wa zachuma wa ku America, Mancur Olson, analongosola zimenezi mu 1993 m'njira yosavuta kuiwala. Iye anasiyanitsa wachifwamba woyendayenda ndi wachifwamba wokhazikika. Woyendayenda amatenga zonse n'kutentha zotsala, chifukwa mawa sadzakhalaponso. Wokhazikika amaona kuti akalanda mbewu yonse chaka chino, chaka chamawa sadzapeza cholanda. Choncho amatengako gawo chabe, n'kumathamangitsa achifwamba ena kuti asamudyere. Anthu ake amayamba kulima ndi kuweta mopanda mantha, ndipo zinthu zimawayenderadi bwino kusiyana ndi kale. Olson ankati maboma ambiri anayamba motero. Ndikayang'ana Algoa, ndikuona kuti sananame. Ndikayang'ana mudzi wathu, ndikuonanso chimodzimodzi, ngakhale kuti a Sajeni si wachifwamba ndipo sanabepo kanthu ka munthu.

Komabe mfundo imeneyi imangotiuza chifukwa chimene anthu amamverera munthu wotero. Sikutiuza ngati iye ali ndi ufulu wowalamula. Mbusa amateteza mbuzi kwa fisi, ndipo mbuzi za mbusa wabwino zimanenepa, koma tonse timadziwa chimene akuzinenepetsera. Kuthokoza ndi kuvomera ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale kuti kunja zimaoneka zofanana, chifukwa wothokoza ndi wogonja onse amawerama. Munthu akanditsomphola m'madzi ndikumira, ndidzamuthokoza moyo wanga wonse, ndipo akadwala ndidzamulimira munda. Koma akabwera n'kunena kuti popeza moyo wangawu anaupulumutsa ndiye, kuyambira lero aziweruza milandu ya m'nyumba mwanga, ndiye kuti wasandutsa mphatso kukhala msampha. Ngongole imene singathe kubwezedwa, imene kukula kwake amanena ndi wokongoza yekha, ili pafupi kwambiri ndi ukapolo umene Changa Changa ankathamangitsa.

Mapeto a ufumu wake akuphunzitsa zambiri. Kuyambira mu 1897 Clark anayesa kupempha kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, kuti ivomereze ndi kuteteza zimene anali nazo, koma kampaniyo sinamulabadire. Mu 1899 mfumu ina, Chintanda, inadandaula kwa kampaniyo kuti Clark anapeza mapangano ake podzionetsa ngati nthumwi ya kampani, ndi kuti anakhala akutolera msonkho wa nyumba kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo m'dzina lomwelo. Kampani inaganiza zomuchotsa, ndipo mu 1902 ulamuliro wake unatha. Anakhala mlimi, kenaka anasamukira ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe. Kumeneko anali mmodzi wa eni fakitale yoyamba yofulula mowa mololedwa ndi boma m'dziko lino, ndipo anamwalirira komweko mu 1927.

Dandaulo la Chintanda limandigwira mtima pa zifukwa ziwiri. Choyamba, likuonetsa kuti si onse amene ankathokoza. Pansi pa mtendere uja panali anthu amene ankapereka msonkho akukukuta mano. Chachiwiri, taonani kumene mfumuyo inakadandaula. M'dziko la Changa Changa munalibe bwalo limene Changa Changa akanaimikidwapo kuti ayankhe mlandu. Kuti munthu amudandaule, anayenera kukafuna wina wa mfuti zambiri kuposa iye. Ndipo wa mfuti zambiriyo atabwera, sanabwezere anthu msonkho wawo. Anayamba kutolera yekha.

Apa ndiye pamene nkhani imavuta kwa amene amaganiza kuti chosiyanitsa lamulo ndi uchifwamba ndi pepala. Kampani inali nalo pepala, chikalata cha Mfumukazi Victoria cha mu 1889. Koma mapepala ake a kuno anapezeka bwanji? Mu 1890 Frank Lochner anasainirana pangano ndi Lewanika, mfumu ya Alozi, ndipo Lewanika anadzadandaula kuti ankaganiza kuti akupangana ndi Mfumukazi mwiniyo pamene kwenikweni ankapangana ndi kampani yamalonda. Ndiye kuti Clark anadzionetsa ngati wa kampani, ndipo wa kampani anadzionetsa ngati wa Mfumukazi. Mmodzi anachotsedwa ngati wonyenga. Winayo mapepala ake anathandiza kampani kudya ndalama za miyala ya dziko lino mpaka mu Okutobala 1964, pamene inasiya ufuluwo italipidwa mapaundi 4 miliyoni, theka kuchokera ku Britain, theka kuchokera ku Zambia amene anali kungobadwa kumene.

Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anafotokozapo nkhani ya wachifwamba wa panyanja amene anagwidwa n'kubweretsedwa kwa Alexander Wamkulu. Atafunsidwa chifukwa chimene ankavutitsira anthu, iye anayankha kuti ntchito yawo awiriwo inali imodzi, kungoti iye anali ndi kabwato kamodzi pamene mfumuyo inali ndi zombo zambiri. Clark akanatha kuyankha Rhodes chimodzimodzi. Ndipo a Sajeni akhoza kuyankha motero aliyense wovala yunifolomu amene angabwere kudzawafunsa kuti mphamvu anazitenga kuti.

Kodi ndiye kuti ulamuliro uliwonse ndi uchifwamba wovala bwino? Ndinakhala ndi ganizo limeneli kwa milungu ingapo, ndipo linkandikomera chifukwa linkandichotsera mlandu. Ngati onse ali chimodzimodzi, ndiye kuti tochi yanga sinalakwe kanthu. Koma Augustine yemweyo sanathere pamenepo. Mfundo yake inali yakuti chimene chimasiyanitsa ufumu ndi gulu la achifwamba ndi chilungamo. Vuto ndi lakuti mawu akuti chilungamo aliyense amawakokera kwake. A Sajeni amakhulupirira ndi mtima wonse kuti anachita chilungamo usiku uja, ndipo anthu amene anapeza mbuzi zawo amavomereza.

Chimene ndafikapo ine ndi chaching'ono kuposa mawu aakuluwo. Ndikafuna kudziwa ngati mphamvu ina ndi lamulo kapena ndi mfuti chabe, ndimafunsa kuti munthu wamng'ono akalakwiridwa ndi mwini mphamvuyo amapita kuti, ndipo akapitako amabwerako bwanji. Kodi pali malo amene wogulitsa malasha angaimirire n'kunena kuti, "Munandipwetekera mwana," wonenedwayo n'kukakamizika kukhala pansi ndi kuyankha, ndipo usiku wotsatira khola la wodandaulayo n'kulonderedwabe ngati la wina aliyense? Ngati malo amenewo alipo, wa mfutiyo ndi wantchito wa anthu, kaya ali ndi pepala kaya alibe. Ngati palibe, ndi mwini wa anthu, ngakhale akhale wokoma mtima chotani.

Sindikunena kuti mabwalo a makolo athu anali opanda banga. Ena mwa mafumu athu anagulitsa anthu awo kwa Achikunda ndi kwa amalonda ena posinthana ndi nsalu ndi onga, ndipo mwavi unapha osalakwa ambiri. Sindikunenanso kuti makhoti a lero amafikira aliyense mofanana. Koma pa bwalo, ngakhale lopunduka, pamakhala chinthu chimodzi chimene kumtengo kuja kunalibe. Wogwira wakuba, woweruza ndi wopereka chilango amakhala anthu osiyana, ndipo pakati pa kugwira ndi kulanga pamadutsa usiku, mitima n'kuzizirako. Malamulo a dziko lino amalola munthu wamba kugwira wakuba, koma amati amupereke kupolisi mosachedwa. Gawo 15 la malamulo aakulu a dziko limaletsa kuzunza munthu, ndipo gawo 18 limati munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa. Zimenezi ndimaphunzitsa ana m'kalasi. Mnyamata uja ndinamuphunzitsanso zomwezo.

Pali chinthu china chimene dzina la Changa Changa linasiya. Ku migodi ya ku Copperbelt, mzungu woyang'anira komboni ya antchito akuda ankatchedwa changa changa. Ameneyu ndiye ankagawa nyumba ndi chakudya, ankaweruza mikangano, ankalanga, ndipo anali ndi apolisi akeake. Anthu athu sanasunge dzinalo ngati dzina la mpulumutsi, ngakhale kuti mwini wake anapulumutsadi ambiri. Analisunga ngati dzina la munthu amene amakudyetsa ndi kukulanga, amene sungamudandaule kwina. Ndikuona kuti anthu wamba amenewo anaweruza mlanduwu mwanzeru kuposa mabuku.

Mu Novembala, mvula itayandikira, anyakwawa anaitanitsa msonkhano wokambirana za ndalama ya alonda. Ndinapita nditakonzeka kukhala chete. Koma amayi a mnyamata uja analipo, atakhala kumapeto kwa mphasa, manja akuda ndi malasha, ndipo palibe amene ankawayang'ana. Ndinaimirira. Ndinati alonda apitirize, koma ndalama izisungidwa ndi amayi awiri osankhidwa ndi mudzi ndipo iziwerengedwa poyera mwezi uliwonse. Ndinati wogwidwa azisungidwa kwa anyakwawa osamenyedwa mpaka kuche, kenaka azipita naye kupolisi, mtengo wa ulendowo uzichokera m'thumba lomwelo. Ndinati milandu ya minda ibwerere kubwalo, ndipo mtsogoleri wa alonda azisankhidwa chaka ndi chaka. Pomaliza ndinati tisonkhe ndalama yoti mnyamatayo akaonedwe khutu kuchipatala, ndipo ine ndiyamba, chifukwa ndine ndinawalitsa.

A Sajeni anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Aphunzitsi, mwalankhula bwino. Koma ndikufunseni. Usiku uja, bwanji simunazimitse tochi? Ndipo m'mawa mwake, pamene munkakoka mbuzi zanu zinayi kupita nazo kwanu, bwanji simunanene kuti mbuzi zopezeka ndi paipi simukuzifuna? Inu mumafuna munthu woti azidetsa manja kuti anu akhale oyera. Mukagona bwino miyezi itatu, mumayamba kumuona kuti ndi wauve."

Ndinalibe yankho, ndipo mpaka lero ndilibe lokwanira. Ananena zoona. Changa Changa samera yekha ngati bowa. Amapangidwa ndi anthu amantha amene amati, "Chitani chilichonse, ife tisaone," ndipo ine ndinali mmodzi wa iwo, kungoti ine ndinaona. Chimene ndinatha kunena ndi chakuti, "A Sajeni, mlandu wanga ndauvomera pano pamaso pa anthu. Ndikupempha kuti pakhale malo amene inunso mungavomerepo wanu." Sanayankhe. Anthu anakambirana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ambiri anagwirizana ndi mfundo zija, ena mokondwa, ena chifukwa K50 inali itawalemera. A Sajeni anavula wezulo m'khosi, anaiika pamphasa patsogolo pa anyakwawa, n'kupita kwawo.

Ndikanakonda kukuuzani kuti zonse zinayenda bwino. Anyamata akulonderabe, koma popanda a Sajeni ena amagona pa ulonda, ndipo mvula ikagwa satuluka. Sabata ya Khrisimasi akuba anabweranso. Anatenga mbuzi zisanu ndi ziwiri m'makola atatu, ndipo ziwiri zinali zanga, mwa zinayi zija. Mu Januwale alonda anagwira munthu wina ndi nkhuku m'thumba. Anagona kwa anyakwawa osakhudzidwa, anapita naye kupolisi, ndipo ulendowo unadya ndalama yoposa mtengo wa nkhukuzo. Pali anthu m'mudzi muno amene sandipatsanso moni ngati kale. Akazi anga, amene ankadalira mbuzi zija kuti tilipirire mwana kukoleji, anandifunsa usiku wina kuti, "Bambo a ana, chilungamo chanucho tidzadya?" Sananene mwachipongwe. Ankafunadi kudziwa.

Ndinawayankha kuti sitidzadya, ndipo n'kutheka kuti tidzatayanso zina. Mtengo wa kukhala ndi mlonda amene tingathe kumufunsa ndi wakuti nthawi zina adzakhala wofooka kuposa amene sitingamufunse. Amene amanena kuti njira yabwino ndi yotsika mtengonso sanagonepo m'khola atagwira nkhwangwa. Ine ndasankha kulipira mtengowo chifukwa ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 15, ndipo sindingalumbire kuti sadzalakwa. Tsiku limene adzagwidwe ndi chinthu cha mwini, ndikufuna kuti adzagone kwa anyakwawa mpaka kuche. Sindingamufunire zimenezo ngati sindinazifunire mwana wa wogulitsa malasha. Koma ndikudziwanso kuti amayi amasiye aja, amene alibe malipiro a pamwezi ngati ine, akulipira nawo mtengo wa chisankho chimene ine ndinachilankhulira, ndipo kwa iwo ndi wolemera kuposa kwa ine.

A Sajeni timakumana kuchigayo. Timapatsana moni mwaulemu, n'kufunsana za mvula ndi za fetereza. Anyakwawa anawatumira nduna kawiri kuti abwerere adzatsogolere anyamata pansi pa mfundo zatsopano, ndipo kawiri konse anayankha kuti aganizira. Ndikufunitsitsa atabwerera, chifukwa luso lawo tikulisowa, ndipo sindinaiwale miyezi imene tinagona chifukwa cha iwo. Mnyamata uja anapita kuchipatala, ndipo anamuuza kuti khutulo silidzamvanso. Masiku ano amathandiza amayi ake kumsewu. Ndikamadutsa pa njinga amandipatsa moni kuti, "Mwauka bwanji, aphunzitsi," ndipo ndikamayankha amatembenuza mutu kuti andimvere ndi khutu lakumanja.